Chikuta cha ku Kaning'ina

Kaning'ina ndi mapiri, ndi nkhalango, komanso ndi dera la anthu kum'mawa kwa mzinda wa Mzuzu, mbali imene msewu umatsetserekera ku Nkhata Bay. Madzi ambiri amene mzindawu umamwa amachokera m'mapiri omwewa, kumene mtsinje wa Lunyangwa umayambira usanakaime padamu. Omvera wailesi dzinali amalidziwira ku situdiyo za MBC, okonda mpira amalidziwira ku Moyale Barracks. Koma mukalitchula kwa mayi amene anachira kuno mwezi wa Juni kapena Julayi zaka makumi anayi zapitazo, choyamba kukumbuka ndi chisanu. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kukuta nyumba kuti mbuu, kamvula kowaza kosakata masiku angapo, matewera pachingwe osauma mpaka kuchita kuwawamba pamoto. Mwana wobadwa nyengo imeneyo ankanunkha utsi mpaka mwezi wa Ogasiti.

Mzuzu si mzinda wakale. Unamera kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira minda ya mitengo ya tung, ndipo unatchedwa mzinda mu 1985. Pafupifupi aliyense wamkulu amene tinkamuona tili ana anali ndi kwawo kwina. Ena anali Atumbuka a ku Mzimba ndi Rumphi, ena Atonga okwera kuchokera kunyanja, ena Ankhonde a ku Karonga. Ku Moyale kokha ndiye kunali Malawi yense: mkazi wa ku Nsanje khomo ili, wa ku Dedza khomo linalo, wa ku Mulanje kuseri. Ine ndinakulira m'malaini amenewo m'zaka za m'ma 1980, ndipo Chichewa ndicho chinkatilumikiza, pomwe kunja kwa geti kunkamveka Chitumbuka.

Pa nkhani ya uchembere kusakanikiranaku kunali ndi vuto lake. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe, mtsikana akaima, wolamula ndi mayi ake omubereka ndi azakhali a kuchikazi. Kumpoto kuno, kumene amalowola, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo mawu omaliza amakhala a apongozi, amayi a mwamuna. Tsono tangoganizani mtsikana wa ku Thyolo wokwatiwa ndi msilikali wa ku Euthini, mimba yoyamba, mayi ake ali ulendo wa masiku awiri pa basi, apongozi ake akulankhula chinenero chimene iye akungochitola patalipatali. Ambiri ankatumizidwa kumudzi mimba ikafika miyezi isanu ndi iwiri kuti mwana woyamba akabadwire m'manja mwa eni ake. Ena ndalama ya ulendo inkasowa, kapena kalata yoitana agogo inkafika mwana atameta kale. Amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma ku Kaning'ina mako ankakhala mayi wa khomo loyandikana nalo, nthawi zambiri mkazi wa sajeni wina amene anabereka asanu ndi awiri ndipo palibe chimene chinkamudzidzimutsa.

Mimba inkabisidwa. Sunkalengeza, sunkagula zovala za mwana poyera, ndipo wofunsa mwezi wochira ankaonedwa ngati ali ndi cholinga. Malangizo ankabwera madzulo, amuna atapita ku kantini. Usaime pakhomo, mwana adzaima panjira. Usadye mazira, adzabadwa wopanda tsitsi. Usamange mfundo pachitenje. Ukayamba ulendo usabwerere panjira. Anamwino a kusikelo ankalimbana ndi lamulo la mazira chaka ndi chaka, ndipo amayi ankavomera ndi mutu, n'kukafika kunyumba kukapatsa abambo mazirawo.

Matenda akayamba, kopita kunali kowerengeka. Chipatala cha St John's, chimene masisitere a Medical Missionaries of Mary anayambitsa mu 1962, ndicho chinali chachikulu mumzinda, ndipo chinali cholipira monga zilili zipatala za mishoni. Kunalinso chipatala chaching'ono cha boma m'tauni, ndi cha ku Ekwendeni cha Sinodi ya Livingstonia, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Mzuzu Central Hospital, imene achinyamata a lero amaiona ngati inalipo chikhalire, inatsegulidwa mu 2000, itamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan. Akazi a asilikali anali ndi mwayi wa kachipatala ka m'kampu ndi galimoto yowathamangitsira kutauni zikavuta. Anzathu a kunja kwa mpanda, a m'mphepete mwa nkhalango ndi m'midzi ya cha ku Msongwe, ankayenda wapansi, usiku, ndi nyali ya galasi, amayi awiri kapena atatu akuperekeza, mmodzi atasenza mtolo wa zitenje, beseni, lezala ndi ulusi. Ana obadwira panjira analipo ndithu, ndipo ena mayina awo amanena okha.

Otsalawo ankapita kwa azamba. Masiku ano dzinali limatchulidwa monyoza, ngati kuti anali anthu ongolota. Ayi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma lenilenilo linkawaphunzitsa, kuwapatsa kabokosi ka zipangizo ndi kuwauza zizindikiro zofunika kutumiza mayi kuchipatala msanga. Mzamba wabwino ankadziwa kugwira mimba n'kunena mmene mwana wagonera, ankadziwa kuleza mtima, ndipo sankakalipa. Ichi chomaliza n'chimene chinkakoka amayi ambiri, chifukwa mbiri ya anamwino ena aukali inkayenda m'mipondo ndi pazitsime kuposa uthenga uliwonse wa pawailesi. Kwa mzamba unkalipira nkhuku, ufa kapena kandalama kochepa, mwinanso pambuyo pokolola.

Koma pali zinthu zimene manja okha sangathe. Magazi akatayika mwana atabadwa, nsengwa ikakanirira, mwana akapingasa, mayi akayamba kukomoka ndi kuthamanga kwa magazi, mzamba analibe chochita koposa kutumiza mnyamata kukafuna galimoto kumsewu. Ndipo panali miyambo iwiri imene sindiikumbuka ndi chifundo. Wina ndi wa mankhwala ofulumizitsa matenda, aja ambiri amawatchula mwanamphepo, amene ankalimbitsa ululu njira isanatseguke, nthawi zina mpaka chiberekero kung'ambika. Winawo ndi wofunsa mayi amene wachedwa kuchira kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, chiuno chake n'chochepa chifukwa wakwatiwa ali mwana, ndiye akuluakulu amuzungulira: "Tchula, mwana iwe, usatiphere mdzukulu." Maola amene akanathera panjira ya kuchipatala ankathera pa mlandu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 620 ankamwalira ndi uchembere, ndipo wa 2000 anapeza 1,120. Mwana wobadwa wakufa, mtayo, ankakaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira mokweza, ndipo mawa lake moyo unkapitirira. Amayi amenewo sankawerengedwa kuti aferedwa, ngakhale ena mpaka lero akamatchula ana awo amawerenga ndi ameneyo.

Chimene Kaning'ina ankachidziwa bwino chinali chikuta. Mayi akachira, kaya kuchipatala kaya kwa mzamba, ankalowa m'nyumba osatulukanso mpaka mchombo wa mwana utagwa, sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Mwamuna ankasamukira pabalaza kapena kwa mnzake. Olowa m'chipindamo anali osankhika, makamaka amayi achikulire, chifukwa munthu "wotentha", amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi, ankati akagwira khanda amalidwalitsa. Chifukwa chake mungachitsutse, koma zotsatira zake zinali zabwino: manja ogwira mwana wa masiku atatu ankachepa, chifuwa ndi chimfine cha alendo zinkathera pakhomo.

M'masiku amenewo mchembere sankagwira ntchito ina iliyonse. Sankatunga madzi, sankasinja, sankaphika, ndipo mchere sankathira m'ndiwo kwa nthawi yaitali ndithu kuopa tsempho. M'malaini amayi ankagawana okha popanda wolemba ndandanda. Wina ankabwera m'mamawa kudzatereka madzi, wina kudzachapa matewera ndi zitenje za magazi, zimene sizinkayanikidwa poonekera, wina kutenga ana okulirapo kukadya kwake. Nkhuni zinkachokera kunkhalango, ndipo kutola kwake kunali kozemba alonda a zankhalango, koma nyumba ya chikuta sinkasowa moto. Mbaula inkayaka usana ndi usiku.

Ntchito yaikulu inali kuthowa. Kawiri pa tsiku mayi wachikulire ankaviika nsalu m'madzi otentha kwambiri, n'kumasindikiza pamimba, m'chiuno, pamsana ndi m'ntchafu mwa mchembere, kenako n'kumumanga pamimba ndi chitenje kuti zolimba. Tili panja tinkamva kukuwa, ndi mawu a wothowayo osatekeseka: "Limba mtima, mwana wanga, ukafuna kudzayenda mowongoka." Amati madzi otentha amatulutsa magazi oipa. Azachipatala ali ndi mawu awo pa zimenezo, ndipo madzi ena ankapsereza khungu, koma taonani chimene chinkachitika mosadziwa: kawiri pa tsiku, munthu wodziwa ankaona thupi la mayiyo. Akatentha thupi, magazi akachuluka, pakamveka fungo lachilendo, bere likatupa, mwendo ukatupa, wothowayo ndiye ankayamba kudziwa, ndipo ankatuluka kukauza mwamuna kuti apeze galimoto.

Chakudya chinali cha mkaka. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, thobwa lofunda, limene anzathu a kuno amati chindongwa, nkhuku yophedwa tsiku lotuluka kuchipatala, ndi chinangwa chachiwisi chotafuna, chimene aliyense ankalumbira kuti chimadzaza mabere. Atonga ankabwera ndi kondowole ndi usipa, a kumwera ankafuna nandolo amene kuno anali wosowa, ndipo mchembere ankadya za mitundu yonse chifukwa kukana mbale ya mnzako kunali kunyoza.

Mchombo unali ndi malamulo ake. Unkayang'aniridwa kuti pogwa usagwere pamaliseche a mwana, poopa kuti adzakhala wosabereka, ndipo ukagwa unkakwiriridwa pamalo odziwa anthu awiri okha. Kuti uume msanga ena ankapakapo phulusa, mwaye kapena mankhwala a zitsamba. Apa ndi pamene kafumbata ankalowera: mwana wa sabata imodzi kusiya kuyamwa, nsagwada kuuma, thupi kukungika, ndipo anthu ankati walodzedwa kapena wina wamudula. Katemera wa amayi oyembekezera ndi lezala yatsopano yophikidwa ndizo zinachepetsa kwambiri imfa zimenezi, ndipo pa ichi chokha anamwino a kusikelo ayenera ulemu wonse. Mchombo ukagwa mwana ankametedwa tsitsi lobadwa nalo, kusambitsidwa m'mankhwala olimbitsa thupi, aja a kwathu amati likambako, kumangidwa kachingwe m'chiuno kapena m'khosi koteteza liwombo, n'kutulutsidwa panja kuti anthu amuone ndi kumupatsa dzina. Amayi a Umanyano, a Chikatolika ndi a mipingo ina ankabwera ndi sopo, ufa, shuga ndi timakobidi. Mphatso zinkabwera mwana atabadwa, ataoneka kuti wakhala.

Kuyamwitsa kunalibe manyazi ndipo kunalibe nthawi. Mwana ankayamwa m'basi, m'tchalitchi, pamaliro, pamzere wa chigayo, mpaka zaka ziwiri kapena kuposa. Akalira pagulu, ngakhale bambo wosamudziwa ankatha kunena kuti, "Mayi, mupatseni bere mwanayo." Komabe kuyamwitsa mwakathithi, bere lokhalokha miyezi isanu ndi umodzi, kunali kosadziwika. Mkaka woyamba wachikasu uja ena ankaufinyira pansi poti ndi woipa, pomwe ndi umene uli ndi chitetezo chambiri. Agogo a kuno ankamwetsa khanda mzuwula, madzi a zitsamba oteteza ku matenda obwera ndi anthu otentha. Mwana akamalira kwambiri ankati wabadwa ndi njala, mkaka sukumukwana, ndipo ankamupatsa dawale kapena kaphala kamadzimadzi kotchedwa chinthipu, mwina asanathe ndi mwezi umodzi. Mtengwa wanzeru za kusikelo akakana, yankho linali lokonzeka: "Mwamuna wakoyu ndinamulera ndi chiyani?" Kafukufuku wa 1992 uja anapeza kuti ana osakwana miyezi isanu ndi umodzi oyamwa bere lokha sankafika 5 pa 100 alionse. Pofika 2010 anali 71 pa 100 alionse. Kusintha kotereku m'zaka zosakwana makumi awiri sikunabwere ndi mankhwala kapena makina, koma ndi kulankhula, mayi ndi mayi, pansi pa mtengo wa sikelo.

Botolo linalipo, koma linali la apamwamba: akazi a maofesala, aphunzitsi, anamwino eniake ndi ogwira ntchito m'maofesi, amene tchuthi chawo chinkatha mwana akadali wofiira. Chitini cha Lactogen pashelefu chinali ulemu. Osauka akatengera, mkaka ankausungunula kwambiri kuti chitini chifike kumapeto kwa mwezi, botolo losaphikidwa bwino, ndipo mapeto ake kunali kutsegula m'mimba ndi liwombo lolowa. Vutoli silinali la kuno kokha. Linabutsa mkangano padziko lonse mpaka bungwe la WHO linakhazikitsa malamulo a kagulitsidwe ka mkaka wa m'zitini mu 1981.

Tsiku la sikelo linali ngati la msika. Mwana ankakolekedwa pasikelo ya mbedza atavala kathumba ka nsalu, akulira, mlangizi n'kulemba kadontho pakadi. Kadontho kakatsika, mayi ankalandira mawu pamaso pa anzake, mwinanso Likuni Phala. Ankaimba nyimbo za katemera ndi za magulu a zakudya, amene nthawi imeneyo anali atatu, asanakhale asanu ndi limodzi. Manyazi aakulu anali kutumbiza. Mayi akaima wina akadali kubere, ankati mkaka waonongeka, ndipo mwana ankaletsedwa tsiku lomwelo, bere litapakidwa tsabola kapena madzi owawa a khonje, kapena ankatumizidwa kwa agogo. Ana otupa miyendo ndi ofiira tsitsi ambiri anali amenewa. Kale mwambo unkasiyanitsa mwamuna ndi mkazi miyezi yambiri mpaka tsiku lotenga mwana, ndipo kumudzi agogo ankalondera. M'nyumba ya zipinda ziwiri ya m'tauni, mlonda analibe pogona. Boma la Dr Banda, limene linakana za kulera m'zaka za m'ma 1960, linadzavomera mu 1982, pokhapokha zitatchedwa kutalikitsa nthawi pakati pa ana.

Kenako kunabwera Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inalowa m'malaini monga inalowera pena paliponse. Bere lomwe lija tinkaliyesa moyo linayamba kukayikiridwa. Malangizo ankasinthasintha: poyamba kamankhwala ka nevirapine kamodzi pochira, ndi kuletsa mwana kuyamwa msangamsanga akakwana miyezi isanu ndi umodzi, amene angathe agule wa m'chitini. Koma m'dera limene aliyense amayamwitsa poyera zaka ziwiri, kuletsa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kunali kulengeza zotsatira za magazi ako kwa apongozi ndi kwa mzere wonse wa nyumba. Ambiri ankayamwitsabe, mtima uli m'mwamba. Mpumulo unabwera mu 2011, pamene Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, njira imene maiko ena anadzatengera. Mayi ankatha tsopano kumwa mankhwala ake n'kuyamwitsa ngati mnzake aliyense.

Azamba analetsedwa mu 2007. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, koma kuyambira 2012, pa nthawi ya Joyce Banda, mafumu motsogozedwa ndi Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu analimbikira zoti aliyense azichilira kuchipatala, ndipo m'madera ambiri wochilira pakhomo ankalipa chindapusa. Mu 1992 ana obadwira kuchipatala anali 55 pa 100 alionse. Pofika 2015 ndi 2016 anali 91, ndipo imfa za amayi zinatsikira pa 439 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Amene amalakalaka masiku a nyali ya galasi sanaperekezepo mayi wotaya magazi usiku wa mvula. Ku Ekwendeni anachita chanzeru china: m'malo molimbana ndi agogo, chipatala chinawaitana n'kuwaphunzitsa za uchembere wabwino ndi chisamaliro cha makhanda, podziwa kuti namwino amaonana ndi mtengwa mphindi khumi, pomwe apongozi amagona naye nyumba imodzi.

Dandaulo langa lili pa masiku otsatira. Chipatala chinatenga kubereka, ndipo chinachita bwino, koma chikuta palibe anachitenga. Mayi wochira bwinobwino amatulutsidwa mawa lake, amakwera kabaza kapena takisi, n'kukafika m'nyumba ya lendi ku Masasa kapena ku Mchengautuwa, kumene woyandikana naye sakumudziwa dzina. Amauzidwa kuti abwerenso pakatha sabata ndiponso pakatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo ambiri amabwera chifukwa cha katemera wa mwana, osati thupi lawo. Chonsecho masiku oyambirira amenewa ndi amene magazi ndi matenda a m'chiberekero amapha amayi. Mphatso zinasamukira kutsogolo, ku phwando la mimba lokhala ndi keke ndi zithunzi za pa WhatsApp, ndipo tsiku lachitatu atachira mayi yemweyo amapezeka atawerama pampopi akuchapa yekha. Wa opaleshoni, amene masiku ano ndi ambiri, kuthowa sikumuyenera n'komwe, koma womuphikira ndi womunyamulira ndowa akumufunabe kuposa wina aliyense.

Malamulo ayesako mbali yawo. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata asanu ndi atatu a tchuthi cholipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kusintha kwa mu 2021 kunawonjezera nthawi yoyamwitsa pa ntchito ndi masabata awiri a bambo. Izi zimafika kwa olembedwa ntchito. Mayi wogulitsa nthochi ndi chinangwa m'mbali mwa msewu wa ku Nkhata Bay tchuthi chake chimatha tsiku limene ufa watha m'nyumba, ndipo bambo wovala yunifolomu ku Moyale lamulolo silimukhudza, chifukwa asilikali, apolisi ndi a ndende ali ndi malamulo awoawo.